Kodi mumadziwa? Nsomba ya salimoni ili ndi mapu ake

Kodi mumadziwa kuti salimoni, nsomba imene anthu a ku Norway amaweta m'makhola a ukonde oyandama panyanja yamchere, ili ndi malangizo a chibadwa aatali pafupifupi ngati a munthu? DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo zilembozo ndi zamitundu inayi yokha, A, C, G ndi T, zongosinthanasinthana malo. Mwa munthu, zilembo zimenezi zinamangidwa m'mitolo 23 iwiriiwiri yotchedwa makromozomu. Salimoni ya ku Ulaya ili ndi mitolo 29, pamene inzake ya ku Canada ndi ku America, tsidya lina la nyanja yomweyo ya Atlantic, kawirikawiri imakhala ndi 27.

Kodi mumadziwa kuti ulimi wa nsombayi ndi wadzulodzuloli? Mu 1970, pachilumba cha Hitra, amuna awiri apachibale, Ove ndi Sivert Grøntvedt, anaika tiana ta salimoni 20,000 m'khola loyandama, ndipo zinawayendera. Lero Norway amakolola matani opitirira miliyoni imodzi pachaka, kuposa theka la salimoni yoweta ya dziko lonse. Wachiwiri ndi Chile, dziko limene nsombayi kunalibeko n'komwe kalelo. Ikakhala kutchire, salimoni imabadwira mumtsinje, imakakulira kunyanja, kenako imabwerera kumtsinje womwe uja kukaikira mazira. Mpasa wathu amachitanso zofananako pokwera mtsinje wa Bua, ngakhale kuti nsomba ziwirizi si zapachibale.

Kodi mumadziwa kuti amene anayambitsa ntchito yosankha mbewu ya salimoni anali anthu a ng'ombe ndi nkhosa? Harald Skjervold ndi Trygve Gjedrem anali akatswiri a ziweto zapamtunda. Kuyambira mu 1971, iwo ndi anzawo anatolera mazira ndi umuna wa nsomba zochokera m'mitsinje pafupifupi 40, n'kukaziswetsa pamalo a kafukufuku a Sunndalsøra. Ana a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi ankawasunga m'thanki yawoyawo mpaka atakula moti n'kuikidwa chizindikiro, kenako ankawasakaniza ndi ena onse, kuwayeza pasikelo, n'kusankha makolo kuchokera m'mabanja amene achita bwino. M'badwo umodzi wa salimoni umatenga zaka zinayi, ndiye ganizani kuleza mtima kwake. Patapita mibadwo isanu, nsomba zosankhidwazo zinkakula mofulumira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ana a nsomba zakutchire. Zonsezi anachita popanda kuwerenga chilembo chimodzi cha DNA. Zida zawo zinali sikelo, manambala ndi mabuku olembamo mibadwo.

Nanga mapu a chibadwa n'chiyani, ndipo amawajambula bwanji poti jini, kachigawo ka DNA kosunga langizo la chibadwa, siioneka ndi maso? Thupi likamapanga mazira kapena umuna, kromozomu yochokera kwa bambo ndi inzake yochokera kwa mayi zimagundana n'kusinthana zidutswa. Majini amene ali moyandikana amapita limodzi kwa mwana pafupifupi nthawi zonse. Amene atalikirana amalekanitsidwa kawirikawiri. Choncho ukawerenga, mwa ana mazanamazana, kuti zinthu ziwiri zalekana kangati, wadziwa kutalikirana kwake. Woyamba kuchita masamu amenewa anali Alfred Sturtevant, mwana wasukulu pa yunivesite ya Columbia ku New York, amene anatulutsa mapu oyamba mu 1913 pogwiritsa ntchito timantchentche ta zipatso. Pa nsomba, akatswiri amafunafuna malo mu DNA pamene nsomba ina ili ndi A koma ina ili ndi G, ndipo malo oterewa amakhala zikwangwani zawo. Zili ngati kulondolera mlendo kumudzi kopanda manambala a nyumba: simumuuza khomo lenileni, mumangoti mukafika pachigayo mukafunse, mpomwepo. Chikwangwani sichichiritsa matenda, koma chikakhala moyandikana ndi jini yoteteza, chimayenda nayo kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

Kodi mumadziwa kuti salimoni yaimuna ndi youmira pa kusinthana zidutswaku? Makromozomu ake amasinthana makamaka kunsonga kokha, chapakati amapita kwa ana ali athunthu. Yaikazi imasinthana ponseponse. Poyamba zimenezi zinkasokoneza mapu, koma akatswiri anazipezera ntchito: potsata abambo amadziwa msanga kuti jini ili pa kromozomu iti, ndipo potsata amayi amadziwa kuti ili chapati pa kromozomuyo.

Kodi mumadziwa kuti mapu amenewa anagwetsa matenda amene katemera ankalephera kuwathetsa? Nkhani yake ndi ya IPN, matenda oyamba ndi kachilombo kamene kamawononga kapamba wa nsomba. Amagwira tiana tikangoyamba kudya, ndiponso nsomba zazing'ono zikangosamutsidwa kuchoka m'madzi opanda mchere kupita kunyanja. Kansomba kodwala kamada khungu, mimba imatupa, kamasambira mozungulirazungulira, kenako kamafa. Alimi ankaona kuti mabanja ena amapululuka pamene ena amangopulumuka bwinobwino, koma vuto linali lakuti nsomba imene waiyesa ndi kachilombo sungaibwezerenso m'gulu la makolo, ingakapatsire zinzake. Ankangoyesa abale a nsomba imene ankafuna kuti ikhale kholo n'kuganizira kuti nayo ili chimodzimodzi. Komatu ana a mimba imodzi safanana.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, magulu awiri anapeza yankho limodzi, aliyense payekha. Ku Scotland kunali Ross Houston ndi anzake a ku Roslin Institute, komwe kuja kunabadwira nkhosa yotchuka ija Dolly, ndipo anasindikiza zotsatira zawo mu 2008. Ku Norway kunali Thomas Moen ndi anzake, mogwirizana ndi kampani ya mbewu ya AquaGen, ndipo zawo zinatuluka mu 2009. Onse analoza malo amodzi, pa kromozomu 26. Chodabwitsa chinali kukula kwa mphamvu ya malowo. Nthawi zambiri kupirira matenda kumadalira majini ambirimbiri, iliyonse ndi kagawo kake kochepa, koma apa malo amodzi okha ndiwo ankalamula pafupifupi nkhani yonse. Poyesa tiana, timene tinalandira mbali yoteteza kuchokera kwa makolo onse awiri sitinkafa n'komwe, pamene mwa timene tinalandira mbali yofooka kwa onse awiri, toposa theka tinkafa. Makampani anayamba kuyeza makolo n'kugulitsa mazira ochokera kwa okhawo amene ali ndi chikwangwani chabwino. Mu 2009, ku Norway matendawa anapezeka m'malo oweteramo nsomba oposa 200. Pasanathe zaka khumi, chiwerengerocho chinatsika n'kufika pochepera 30 pachaka.

Ndipo kodi mumadziwa kuti alimi anachita zonsezi asakudziwa dzina la jini imene ikuteteza nsomba zawo? Mu 2015 gulu la ku Norway linati ndi jini yotchedwa cdh1. Mu 2021 gulu la ku Roslin linati umboni ukulozera kwa ina yoyandikana nayo, nae1. Akatswiriwo akukambirana, nsomba zinali zitapulumuka kale. Kwa ine, apa ndiye pagona phindu lenileni la mapu, ndipo tisaiwale kuti mapuwo sakanajambulika pakanapanda mabanja olembedwa bwino aja amene Gjedrem ndi anzake anayamba kusunga zaka pafupifupi 40 m'mbuyomo.

Kodi mumadziwa kuti nsomba imene anaiwerenga DNA yonse inali ndi dzina? Ankaitchula kuti Sally. Inali yaikazi, yochokera ku mbewu ya AquaGen, ndipo anaipanga mwapadera kuti cholowa chake chonse chichokere kwa kholo limodzi, makromozomu ake awiriawiri akhale ofanana ndendende. Anatero pofuna kuchepetsa chisokonezo, chifukwa makina sawerenga DNA kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Amaidula tizidutswa mamiliyoni, amawerenga kalikonse pakokha, kenako kompyuta imalumikiza pofananiza nsonga. Maiko atatu, Canada, Chile ndi Norway, anasonkherana ndalama za ntchitoyi. Analengeza kuti yatha mu 2014 ku Vancouver, ndipo lipoti lonse linatuluka mu 2016 m'magazini ya sayansi ya Nature, dzina la Sigbjørn Lien lili patsogolo. Anapeza majini oposa 37,000. Munthu ali ndi pafupifupi 20,000.

Zatheka bwanji kuti nsomba ipose munthu? Zaka pafupifupi 80 miliyoni zapitazo, kholo la nsomba zonse za m'banja la salimoni linawirikiza DNA yake yonse kawiri. Jini iliyonse inapeza mapasa ake. Kuchokera nthawi imeneyo ena mwa mapasawo anafota n'kutha, ena anapitiriza ntchito yakale, ena anapeza ntchito yatsopano m'chiwalo china cha thupi. Ichi ndicho chinachedwetsa kuwerenga kuja, chifukwa kompyuta ikapeza kachidutswa sinkadziwa kuti nkamapasa uti. Kuwonjezera apo, zoposa theka la DNA ya salimoni ndi mawu ongobwerezabwereza.

Kodi mumadziwa kuti jini imodzi imathandiza kulamula msinkhu umene salimoni imakhwimira, ndipo jini yomweyo ilinso mwa inu? Dzina lake ndi vgll3, ili pa kromozomu 25, ndipo magulu awiri a akatswiri anailengeza mu 2015. Ili ndi mbali ziwiri, ina yofulumizitsa kukhwima, ina yochedwetsa. Nsomba imene yalandira mbali zonse ziwiri imatsata yofulumizitsa ikakhala yaimuna, koma ikakhala yaikazi imapendekera ku yochedwetsa. N'zomveka: yaikazi ikachedwa kunyanja imakula kwambiri n'kuikira mazira ochuluka, pamene yaimuna ikhoza kubereka ngakhale ili yaing'ono, ndiye kuchedwa kunyanja n'kungodziika pangozi. Kwa mlimi, kukhwima msanga ndi tsoka. Nsomba imasiya kudya, khungu limada, mnofu umafewa ndi kutuwa, ndipo mtengo umagwa. Mwa anthu, jini imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimakhudza nthawi yotha msinkhu.

Jini yopangitsa salimoni kukhala yaimuna, yotchedwa sdY, ndiye yosakhazikika. M'mabanja ena a nsomba zoweta ku Tasmania inapezeka pa kromozomu 2, m'mabanja ena pa 3, m'mabanja enanso pa 6.

Kodi mumadziwa kuti pali mdani amene mapu sanamugonjetsebe? Ndi nsabwe za m'nyanja, tizilombo tamtundu wa nkhanu timene timamatirira pakhungu la nsomba n'kumadya mamina ake, khungu ndi magazi mpaka kusiya zilonda. Lamulo la ku Norway limafuna kuti pa nsomba ziwiri zilizonse pasapitirire nsabwe yaikazi yaikulu imodzi, ndipo nyengo imene tiana takutchire tikutsikira kunyanja malirewo amatsika kwambiri. Alimi ayesa mankhwala, nsabwe zinazolowera. Ayesa kusambitsa nsomba m'madzi ofunda, kuzitsuka ndi makina, kuika m'khola tinsomba tina todya nsabwe, ngakhale kuziwombera ndi kuwala kwa laser. Kusambitsako kumavulaza nsomba, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene salimoni zoposa 60 miliyoni zinafera m'makhola a ku Norway mu 2023 chokha. Akatswiri anafufuza malo amodzi amphamvu ngati aja a IPN, osawapeza. Kupirira nsabwe kunamwazikana m'majini ambirimbiri.

Pa zoterezi njira ndi ina. Wantchito amagoneka nsomba ndi mankhwala m'beseni, amaiika pathebulo lonyowa, n'kudutsitsa kachipangizo kowerenga nambala imene ili m'kachubu kagalasi kobayidwa m'mimba mwake. Kenako amadula kachidutswa kakang'ono ka chipsepse, n'kukaponya m'kabotolo ka spiriti kokhala ndi nambala yomweyo, nsomba n'kubwerera m'madzi isanatsitsimuke. Ku labotale, kachidutswako amakayeza pa zikwangwani masauzande makumi angapo nthawi imodzi. Abale a nsombayo amakhala ataikidwa kale dala pakati pa nsabwe kapena matenda, n'kuwerengedwa kuti ndani wagwidwa kwambiri. Kompyuta imafananiza zikwangwani za opirira ndi za nsomba imene ikufuna kukhala kholo, n'kuipatsa malikisi. Kupita patsogolo kulipo, koma n'kwapang'onopang'ono, m'badwo ndi m'badwo. Pakadali pano ofufuza akuyang'ana msuweni wa nsombayi wa ku Pacific, salimoni ya coho, imene khungu lake limatupa n'kukwirira kansabwe kakangomata, mpaka kugwa.

Kodi mumadziwa kuti DNA imagwira mlimi amene wabisa kuti nsomba zake zathawa? Ukonde ukang'ambika ndi mphepo yamkuntho, nsomba zimatuluka masauzande, ndipo lamulo limati mwini wake akanene. Si onse amanena. Ku Institute of Marine Research mumzinda wa Bergen, Kevin Glover ndi anzake anakonza njira yotenga zitsanzo m'makhola onse a m'deralo n'kuzifananiza ndi nsomba zothawa zimene asodzi agwira. Popeza khola lililonse limakhala ndi ana a makolo ochepa odziwika, mwini wake amapezeka. Nkhawa ya nsomba zothawazi ndi yaikulu ndithu. Salimoni zakutchire zobwerera m'mitsinje ya Norway pachaka sizikwana theka la miliyoni, pamene za m'makhola ndi mamiliyoni mazanamazana. Zothawa zimakwera mitsinje n'kukaswana ndi zakutchire, ndipo ana ake sapirira bwino moyo wamumtsinje. Kafukufuku anapeza cholowa cha nsomba zoweta m'mitsinje pafupifupi iwiri mwa itatu iliyonse imene anayeza.

Kodi mumadziwa kuti kusankha mbewu ndi mapu n'kosiyana ndi kusintha majini? Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Nsomba za IPN zija palibe anaziwonjezera kanthu, jini yoteteza inalimo kale mwa zina, anthu anangodziwa zoti asankhe. Yosinthidwa majini ndi AquAdvantage, salimoni ya kampani ya AquaBounty, imene anaiika jini ya kakulidwe yochokera ku salimoni ya Chinook pamodzi ndi kachidutswa ka DNA ya nsomba ina yotchedwa ocean pout, kuti izikula chaka chonse osapumira nyengo yozizira. Boma la America linaivomereza mu November 2015, ndipo inali nyama yoyamba yosinthidwa majini kuloledwa kudyedwa kumeneko. Inadikira chilolezocho zaka pafupifupi 20, masitolo akuluakulu ambiri anaikana, ndipo kumapeto kwa 2024 kampaniyo inasiya kuweta nsomba. Ku Bergen, Anna Wargelius ndi gulu lake anagwiritsa ntchito njira ya CRISPR kuzimitsa jini imodzi, dnd, n'kupeza salimoni yosabereka, imene ngakhale itathawa singasakanize magazi ndi zakutchire. Imeneyo ikadali ya kafukufuku. Japan ndiye sanachedwe: mu 2021 analola kugulitsa nsomba ya madai imene anaizimitsa jini yoletsa minofu kukula.

Nsomba zina za m'nyanja yamchere nazo zili ndi zawo. Fugu, nsomba yapoizoni ija imene ku Japan amaweta ndipo amaphika ndi okhawo a chiphaso, inawerengedwa DNA mu 2002, ndipo zilembo zake ndi pafupifupi 400 miliyoni basi, ngakhale kuti chiwerengero cha majini ake sichisiyana kwambiri ndi cha munthu. Cod ya ku Atlantic, itawerengedwa mu 2011, inapezeka kuti ilibe gawo lonse la chitetezo cha m'thupi lotchedwa MHC II, limene akatswiri ankayesa kuti nyama ya msana ngati imeneyi singakhale popanda ilo, koma cod ikusambira bwinobwino, ndipo opanga katemera wake anayenera kuganizanso. Ku Japan komwe kuja, chapakati pa zaka za m'ma 2000, chikwangwani chimodzi chinathandiza kupanga mbewu ya nsomba yaphanthiphanthi ya hirame yopirira matenda a zotupa pakhungu. Ku China, nsomba ina yaphanthiphanthi, tongue sole, yaikazi imakula kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi yaimuna, ndiye alimi amafuna zazikazi. Koma madzi akatentha, zina zobadwa zazikazi zimasanduka zazimuna, ndipo ndi DNA yokha imene imaziulula. Sea bass ya ku Mediterranean nayo imachulukitsa amuna madzi a tiana akafunda, chonsecho zazikazi ndizo zimakula bwino.

Kodi mumadziwa kuti nzeru za ku Sunndalsøra zinafika mpaka ku Domasi? Mu 1988 akatswiri a ku Norway aja anagwirizana ndi bungwe la ICLARM, limene lero ndi WorldFish, n'kuyamba ku Philippines ntchito yosankha mbewu ya tilapia ya mu Nile potsata mabanja. Mbewu imeneyo, yotchedwa GIFT, yafalikira kwambiri ku Asia. Kuno kwathu nsomba yachilendoyo siloledwa m'dera la nyanja ya Malawi, poopa kuti ingasakanikirane ndi chambo, vuto lomwe lija la salimoni zothawa. M'malo mwake, malo a boma a kafukufuku wa ulimi wa nsomba ku Domasi anayamba kusankha mbewu ya makumba athu omwewa, ndipo Alfred Maluwa pamodzi ndi Bjarne Gjerde wa ku Norway anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti makumba nawo amakula bwino akasankhidwa mwadongosolo. Nsomba za m'nyanja yathu zawerengedwanso DNA: mbuna imodzi inali m'gulu la nsomba zisanu za mu Africa zimene lipoti lake linatuluka mu 2014, ndipo mu 2018 ofufuza anawerenga mitundu 73 ya m'nyanja ya Malawi ndi m'madzi oyandikana nayo.

Pomaliza, kodi mumadziwa kuti mlimi akhoza kusankha mbewu chobwerera m'mbuyo osadziwa? Zimachitika motere: tsiku lokolola khoka limakokedwa, nsomba zazikulu zonse zimapita kumsika, ndipo zazing'ono zotsala m'damu ndizo zimaswana. Chaka chamawa n'chimodzimodzi, ndipo zoswanazo n'zapachibale. Pakapita zaka, mwini damu amadandaula kuti nsomba zake zapinimbira, n'kumaloza chala chakudya. Inu amene muli ndi damu, musanatengere nsomba kumsika patulani zazikulu ndi zathanzi zingapo, zazimuna ndi zazikazi, kuti zikhale makolo. Mbewu yatsopano muzigula kwa oswetsa odziwika, ndipo muzilemba m'kope kumene yachokera ndi tsiku limene mwaiika m'madzi.